Chinjira Chilibe Ankhoswe

"Ine ndikufunsa za mapazi a ng'ombe ali pakhomowa, Imelda. Usandiuze za mitambo."

"Ndakuuza kale kuti ndi ngolo ya a Levison. Imatuta fodya kumunda. Mvula inazinga m'mawa muja unaiona wekha. Umafuna masamba onse aja avundire m'mizere?"

"Dziko lonse la Nambuma ngolo ndi ya a Levison okha, eti?"

"Ya a Chikoti inaphulika tayala. Ndikanasenza pamutu?"

Imelda ankayankha maso ali pa fodya amene ankasoka m'chigafa, kuseri kwa nyumba. Manja ake anali bii ndi utomoni wa masamba. Hilda anali atangofika kuchokera kumsika kumene ankagulitsa kaunjika. Njinga anaitsamiritsa pamzati mwaulemu, thumba la zovala n'kulitsitsa bwinobwino, ndipo Imelda anadziwiratu kuti kwaipa. Hilda akakwiya pang'ono ankaponya zinthu. Akakwiya zenizeni ankaziika mwadongosolo.

Levison ankanenedwayo anali mwamuna wakale wa Imelda. Ukwati wawo unatha kalekale, moti bamboyo anali atakwatira kwina n'kubereka ana, koma kwa Hilda dzinalo linali likadali tsabola wa m'maso.

"Anamwa madzi pano?"

"Kunatentha. Munthu wapempha madzi, ndimumane?"

"Anamwera chiyani?"

Imelda anapitiriza kusoka fodya wake.

"Ndati anamwera chiyani! M'kapu yamaluwa ija, eti? Ndaiona pathandala ili yonyowa. Kapu imene ndinakupatsa ine pachinjira, lero akumwera a Levison! Anthu inu a mitima iwiri ndimakudziwani. Lero kwa mkazi, mawa kwa mwamuna. Mapanga awiri avumbwitsa, Imelda. Ine ndinalowa ndi miyendo yonse, koma iwe mwendo wina unausiya panja."

"Ndinawasiya ndekha a Levison, palibe anandikakamiza. Ndizilumbira tsiku ndi tsiku?"

Hilda anatambasula dzanja. Anasolola mkangala, ndodo yoyanikapo fodya, n'kuutsitsa pamsana pa mnzakeyo. Anabwereza paphewa, kenako m'miyendo. Kuseri kwa mpanda wa udzu, panyumba ya a Faness, mkulu wake wa Imelda, wailesi inakwera mawu, nyimbo ya kwaya n'kudzaza bwalo lonse. Imelda analuma nsonga ya chitenje kuti asakuwe, ndipo mumtima anathokoza Mulungu chifukwa cha wailesiyo, monga ankachitira nthawi zonse.

"Kuwa!" anatero Hilda, wefuwefu. "Kuwa abwere! Akabwera ndiwauza chimene chinjira chathu chili. Ndiwauza kuti mphasa m'nyumbamu ndi imodzi. Tione ngati atsibweni ako akusiyire munda wa mayi ako. Tione ngati apolisi sabwera kudzakutenga."

"Atitenga tonse."

"Ine ndili ndi chiyani chotaya? Ndilibe munda kuno, ndilibe manda. Uli ndi mudzi ndiwe."

Pamenepo ndiye panali chingwe chimene chinamanga Imelda. Chinjira ndi ubwenzi wa akazi awiri womangidwa poyera ndi mphatso. Hilda ndiye anabwera nawo mwambowu kuchokera kwawo ku Phalombe, kumene makolo ake anachoka kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya. Tsiku limene anasenza beseni la mbale, makapu ndi zitenje kudzatula pakhomo pa Imelda, amayi a m'mudzi anaimba nthungululu mpaka kusasa mawu. Kuyambira pamenepo awiriwa ankaitanana kuti "anjira", ndipo Hilda atasamukira m'nyumbamo palibe anafunsa kanthu. Dzina limenelo linali bulangete lawo. Poyamba linafunditsa chikondi, koma pambuyo pake linafunditsanso mikwingwirima.

Dzuwa litapendeka, Hilda yemweyo anatereka madzi n'kuyamba kumuthowa msana ndi kansalu, misozi ili chuchuchu.

"Ndikhululukire, anjira. Mtima wangawu umandithawa. Ndikaganiza zoti tsiku lina udzabwerera kwa mwamuna, m'maso mumachita mdima. Ukandisiya ndilowera kuti ine?"

Chowawa n'chakuti sankanama. Ankamukondadi, ndipo Imelda naye ankawakonda manja omwewo amene amuvulaza. Imelda anagona chafufumimba pamphasa, madzi otentha akumuluma m'mabala.

Mikwingwirima itayamba kuda, Imelda anapita kwa atsibweni ake a Petro, mwini mbumba. Anawapeza pabwalo akuluka nkhokwe yatsopano, poti chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda. Anagwada chapatali n'kuwapatsa moni.

"Atsibweni, ndabwera ndi dandaulo. Kunyumba kulibe mtendere."

"Mbuzi za Faness zalowanso m'dimba mwako?"

"Ayi. Ndi anjira anga. Amandimenya."

A Petro anaseka mpaka nsungwi inawagwa m'manja.

"Akazi okhaokha? Mwalimbirana chiyani, mafuta odzola? Iwe mwana wa mlongo wanga, mbale zikakhala m'dengu limodzi sizileka kugundana. Mawa lomweli tikupezani mukulukana tsitsi."

Imelda anatsitsa bulauzi paphewa. Atsibweni anayang'ana kamodzi, kuseka kuja n'kuthera pakhosi. Anatola nsungwi yawo n'kubwezera maso pankhokwe.

"Ndimafuna muitane anthu, mutikhazike pansi," anatero Imelda. "Mumuuze monga munawauzira a Levison."

Ankanena za tsiku limene Levison anamuwomba khofi ali pabanja. Khofi limodzi lokha, koma m'mawa mwake ankhoswe a mbali zonse anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, Levison atagwada pakati, nkhuku yopepesera ili m'manja. Tsiku limenelo a Petro analankhula ngati mphenzi. Anati mwana wa mlongo wawo si ng'oma yoti aliyense aziyeserapo dzanja.

"Pa a Levison paja ine ndinali nkhoswe," anatero tsopano, mawu ali pansipansi. "Unali ukwati umene uja. Kunali akuchimuna, kunali akuchikazi. Tsono apa ndikakhale moyang'anana ndi yani? Akuchimuna ndi ati? Chinjira chilibe ankhoswe, Imelda. Munapatsana mabeseni nokha, ife amuna simunatiitane. Kamba amanyera yemwe wamtola."

"Ndiye ndizingomenyedwa?"

"Muthamangitse. Nyumba ndi yako, munda ndi wako. Uja ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame."

"Sangachoke."

"Chifukwa chiyani?"

Anafunsa funsolo akuyang'ana nsungwi, ngati munthu wosafuna yankho. Mawu anafika pakamwa pa Imelda. Anawamva akugunda mano. Koma anaona munda wa mayi ake ukugawidwa kwa ena, anaona amayi a pachitsime akumufulatira, anaona galimoto ya polisi itaima pamango pomwepo, ndipo anawameza.

"Alibe kopita," anatero.

"Ndiye pirira. Komatu ndikuuze, a Levison amafunsafunsa za iwe. Akuti mitala saiopa. Pakhomo popanda mwamuna m'pamene pamamera zachilendo ngati zimenezi."

Imelda anatsanzika mwaulemu, koma m'njira ankachita kuponda nthaka mwaukali. Khofi la mwamuna linasonkhanitsa mudzi, koma mkangala wa mkazi unangoseketsa mkulu wa mbumba. Kodi ululu nawo umayamba wafunsa kuti wamenya ndani?

Mudzi ulibe chitseko. Nkhani yoti Imelda anakagwada kwa atsibweni ake, ndiponso kuti dzina la a Levison linatchulidwa, inamupeza Hilda pamaliro a m'mudzi woyandikana nawo, kumene ankatsogolera nyimbo. Paja Hilda wapanja anali mngelo. Pamaliro ankafika woyamba, amasiye ankawapatsa zovala zotsala pamsika, ndipo akayamba nyimbo ngakhale adzukulu okumba manda ankaimitsa makasu. Amayi ankamuuza Imelda kuti, "Koma ndiye unatola mnzako!" Iye ankangomwetulira, msana ukuyaka.

Hilda anabwera masana, duku la pamaliro likadali kumutu. Nsapato anazivula n'kuziika pambali mwadongosolo.

"Akuti unakandisumira. Akutinso mukukonza za a Levison."

"Sindinavomere kanthu. Ndinangopempha kuti atithandize, Hilda. Tatopa tonse, ngakhale iweyo."

Ulendo uno anayambira pakhosi. Imelda atadzipulumutsa n'kutchinga nkhope ndi mkono, mkangala unatera pamkonopo, ndipo china chake chinalira m'kati ngati phesi louma. Kuseri kwa mpanda wailesi inali itakwera kale, munthu wina akulengeza za mitengo ya fodya ku okushoni.

Hilda yemweyo anamukweza panjinga n'kupalasa mpaka kuchipatala, akulira njira yonse. Namwino wachikulire amene anathandiza kumanga chikhakha anadikira kuti atsale awiri m'chipindamo.

"Mwati mwagwa pati, mayi?"

"Pachigafa. Ndimapachika fodya."

"Chigafa cha kwanu chili ndi zala? Pakhosi panupa pali zala za munthu." Anamugwira phewa mwachifundo. "Tamverani, kupolisi kuli ofesi yothandiza amayi ochitidwa nkhanza. Inu mukangotchula dzina la bamboyo, zotsalazo ndi ntchito yawo. Amuna oterewa musamawabise. Mukawabisa lero, mawa tidzakulandirani pamachira."

"Zikomo," anatero Imelda.

Panja anapeza Hilda akudikira ndi mandasi m'kapepala, amayi a pabenchi akumuyamikira kuti ndi mnzake wachikondi. Pobwerera anadutsa pafupi ndi ofesi imene namwino ananena ija. Pakhoma pake panali chithunzi chachikulu cha munthu atakweza ndodo pa mkazi wogwada. Imelda anachiyang'anitsitsa ali pakaliyala wa njinga. Wogwadayo anali iye ndithu, chitenje chake, mkono wotchingawo. Koma wokweza ndodoyo anali ndi ndevu. Akalowa m'menemo akanatchula dzina la yani? Ndipo akadzafunsidwa kuti Hildayo ndi ndani wake, akanatuluka yekha kapena akanatsala komweko?

Anakangamira malaya a Hilda ndi dzanja lotsalalo kuti asagwe, njinga n'kupitirira.

Munthu wa mkono umodzi ndi mwana. Kumanga chitenje, kupesa, ngakhale kutunga madzi, zonse zinkafuna wina. Tsiku lina Hilda atapita kumsika, Imelda analambalala mpanda kupita kwa a Faness kuti akamuluke tsitsi. Anakhala pakhonde pakati pa miyendo ya mkulu wakeyo ngati kale ali ana. Wailesi inali pazenera ikulira chapansipansi. A Faness analankhula za fodya amene wayamba kuuma bwino, za mbuzi yobereka mapasa, za mlaliki watsopano wotalikitsa ulaliki. Za chikhakha sanafunse, ngakhale kuti ankachita kuchilambalala ndi chigongono.

Ali m'kati moluka, a Petro anatulukira, chipewa m'manja, nkhope ya munthu wobweretsa nkhani yabwino.

"Ndakupezani pamodzi, zakhala bwino. Imelda, ndakumana ndi a Levison. Amva za ngozi yako ya pachigafa, ndipo akuti mkazi sayenera kukwera chigafa amuna alipo. Akufuna atumize ankhoswe awo. Ine ndati ndiyambe ndamva kwa mwini wake."

"Mkazi wawo akuti chiyani?"

"Ameneyo azolowera. Iwe ganiza za mawa lako."

Belu la njinga linalira pampanda. Hilda anali atabwerako msanga. Anagwada n'kupereka moni kwa akuluakulu mwaulemu wonse, koma maso ake anali atamva kale dzina lija.

"Ndabwera kudzatenga anjira anga," anatero akumwetulira. "Nthawi ya mankhwala yakwana."

"Sanamalize kundiluka."

"Ndikamaliza ine kunyumba. Tiye, anjira." Anatsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Kapena ukufuna atsibweni ndiwauze nkhani yathu ija?"

Mawu amenewo Imelda anali atawamva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankamudzutsa ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Koma tsiku limenelo anayang'ana chikhakha chake, n'kuyang'ana atsibweni amene ankamugulitsa kwa mwamuna wa mwini, n'kuyang'ana Hilda. Uku mkangala, uku mitala. Anamva kutopa kumene kumaposa mantha.

"Usavutike, Hilda. Ndinena ndekha."

Anaimirira, theka la mutu lili lolukidwa, theka lili nyankhalala.

"Atsibweni, achemwali, Hilda si mnzanga wa chinjira chabe. Ndi banja langa. Timakhala monga ndinkakhalira ndi a Levison. A Levison ndinawakonda panthawi yawo, uyunso ndinamukonda, mwina ndimamukondabe. Pachigafa sindinagwe. Mkonowu anathyola ndi iyeyu, ndipo sanayambe lero. Munandifunsa chifukwa chimene sindingamuthamangitsire. Chifukwa chake ndi chimenecho. Tsopano mwamva. Ngati munda mulanda, landani. Ngati muitana apolisi, itanani."

Anadikira kuti thambo ligwe. Nkhuku inapitiriza kupalasa pafupi ndi mtondo. A Petro anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Makutu angawa akalamba," anatero. "Ine sindinamve kanthu."

"Khalani pansi, atsibweni." Anali a Faness, chipeso chili m'dzanja. "Mwamva. Munamva kalekale." Anatembenukira kwa mng'ono wawo, koma maso anakanika kufika pankhope. "Imelda, tinkadziwa."

"Munkadziwa chiyani?"

"Zonse. Kuyambira tsiku la beseni lija. Mmene munkayang'anirana muja, ndani sakanaona? Amayi onse aja oimba nthungululu ankadziwa. A Levison amadziwa. M'mudzi muno wosadziwa ndi khanda lokha."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Atsibweni anatiletsa. Anati chinthu ukapanda kuchitchula dzina sichikhala mlandu. Anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Anati tsiku lina udzatopa nazo, udzabwerera wekha kwa mwamuna."

M'makutu mwa Imelda munayamba kulira. Nthawi yonseyi ankasenza chinsinsi ngati mtsuko wodzaza, kuyenda monyang'ama kuti dontho lisagwe, kupereka msana wake kuti mtsukowo usasweke. Chonsecho mtsukowo unali wobooka kuyambira tsiku loyamba, ndipo mudzi wonse unkangoponda pamadziwo n'kumayang'ana kumwamba.

"Nanga pamene amandimenya?" anafunsa. "Achemwali, pakati pa nyumba yanu ndi yanga pali mpanda wa udzu wokha."

A Faness anayang'ana pazenera pamene panali wailesi.

"Umayesa imadzikweza yokha?"

Imelda anaseka kuseka koipa, kopanda chimwemwe.

"Ine ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha wailesi imeneyi! Ndinkati ikundibisa. Zitenje zanga zonse n'zobooka m'nsonga, ndinkaluma kuti musamve, kuti ndikusungireni ulemu pamudzi. Kani inu munkamva, n'kumakweza kwaya! Mukanandida poyera bwenzi ndikudziwa poima. Koma munandisiya ndifote ngati nyanga ya nsatsi, kuti mudzanditole n'kukandipereka kumitala. Mkono wangawu ndiye phunziro limene munkadikira, atsibweni?"

"Lankhula bwino, ndine mlongo wa mayi ako."

"Mlongo wa mayi anga anati ine si ng'oma. Ndinamumva ndekha pamango paja. Ali kuti lero?"

A Petro anaimirira n'kusasa fumbi kumatako.

"Munda palibe akulanda, ndi wa mayi ako. Apolisi palibe akuitana, ife sitiika za pabanja pamsewu. Koma usandipemphe unkhoswe wa zinthu zimenezi. Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndipo mawu mwalankhulawa athere pampanda pompano."

Anachoka ali chiweramire. Hilda anali ataima poteropo, nkhope ili mbuu ngati phulusa. Mpeni umene ankaopseza nawo mnzake zaka zonsezi unapezeka kuti ndi wa bango, ndipo naye anali atangozindikira kuti amayi onse amene ankamuombera m'manja pamaliro ankamudziwa. Anakankha njinga yake kulowera kunyumba osatsanzika.

Imelda anamutsatira tsitsi lili chomwecho. Anatulutsa beseni lija kunsi kwa tebulo n'kuyamba kuikamo zinthu ndi dzanja limodzi: mbale, zitenje zobooka m'nsonga zija, kapu yamaluwa. Hilda ankamuyang'ana ali pampando.

"Wakondwa tsopano? Wandivula pagulu."

"Unkati unena ndiwe."

"Sindikananena! Ukudziwa kuti sindikananena. Ndinkangoopa kuti undisiya." Anagwada n'kumugwira miyendo. "Anjira, waona wekha abale ako. Ankakumva ukumenyedwa, osabwera. Ndani anakuthowa? Ndani anakupalasira njinga? M'dziko lonseli wokukonda mmene ulili ndine ndekha."

Zimenezo zinali ndi choonadi chake, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka Imelda kuposa ndodo. Misozi inatsika, koma dzanja silinaleke kulongedza.

"Wondithowa ndiwe, wondithyola ndiwenso. Ndikubweza chinjira, Hilda. Utenge zovala zako."

"Ndipite kuti?"

"Sindikudziwa. Funso limenelo ndakusenzera nthawi yaitali. Lero ulisenze wekha."

Hilda anadzuka. Anapukuta misozi, n'kusuntha mpando kuuika pakhoma mwadongosolo. Kuseri kwa chitseko kunali mkangala. Pamene ankautenga, dzanja la Imelda linapita lokha kunsonga ya chitenje, monga linazolowera. Nsaluyo inafika pamilomo. Anaiyang'ana, n'kuisiya igwe.

"Mayo ine! Achemwali! Hilda akundimenya! Anthuni, Hilda akundipha!"

Mawu amene anawatsekera nthawi yonseyi anatuluka mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Ndodo yoyamba inatera pachikhakha. Kuseri kwa mpanda wailesi inakwera, poti dzanja lozolowera silichedwa. Inalira mokweza kanthawi, kenako inangoti zii.

Mpanda wa udzu unathyoka pakati. A Faness sanazungulire n'komwe, anabowola pomwepo, musi uli m'manja, udzu uli m'tsitsi.

"Ika pansi, Hilda."

"Izi ndi za m'nyumba mwathu, achemwali."

"Ndati ika pansi. Uyu ndi mwana wa mayi anga."

Kunjira kunali kutaima amayi ena angapo, ena ndi zidebe pamutu, onse aja oimba nthungululu. Sanalowe, koma ulendo uno sanayang'anenso kumwamba. Hilda anawayang'ana mmodzimmodzi, mkangala n'kumugwa m'manja. Anamanga zovala zake pakaliyala, ndipo palibe anamuthandiza kapena kumunyoza. Pakhomo anacheuka.

"Beseni sinditenga. Unalandira pagulu, ukabweze pagulu. Ukandipeza pabenchi yanga kumsika, ngati uli nako kulimba mtima."

Anakwera njinga n'kulowera njira ya ku Nambuma, msana uli gwa, mpaka anabisika m'chimanga. Imelda anamva ngati am'zula dzino, ululu ndi mpumulo pamodzi.

Anakokera beseni pakhonde, n'kupinda nkhata ndi dzanja limodzi ndi mano. Anayesa kulinyamula, koma linapendekeka, kapu yamaluwa n'kugubuduka. Anaitola n'kuibwezeramo.

"Ndisenzetseni, achemwali."

"Upita lero lomwe? Ndi mutu wotere?"

"Lero lomwe, dzuwa likadalipo. Linabwera anthu akuona."

A Faness anatsamiritsa musi pakhoma, n'kugwira beseni mbali zonse, n'kulikhazika pankhata. Anakonza kuti likhale bwino, koma nkhope inali yolimba.

"Usayese kuti ndasanduka nkhoswe wako," anatero. "Zimenezi ine sindizimvetsa, ndipo Lamulungu sindidziwa kuti kutchalitchi ndikawayang'ana bwanji anthu."

"Unkhoswe sindikuufunanso, achemwali. Kumvetsa sindinakupempheni. Ine nthawi yonseyi ndinkangofuna muzimitse wailesi."

Imelda anatsika pakhonde, dzanja limodzi lili pabeseni, n'kudutsa pakati pa amayi aja, iwo n'kumupatukira. Atafika pamtengo wa mango anamva mapazi kumbuyo kwake. Sanacheuke, poti wosenza sacheuka, koma kayendedwe ka mkulu wake ankakadziwa.